ANA ANG'ONO NDI MABISIKETI A KHIRISIMASI

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a makalasi oyamba



Mwana pofika ku sukulu tsiku loyamba, afika ndi manja awiri amene anayamba kale kuphunzira kwao. Mphunzitsi wa kalasi loyamba, angakhale asanadziwe dzina la mwanayo, angathe kuona pa kagwiridwe ka pensulo ngati manjawo analoledwa kugwira nchito kunyumba, kapena anali kungoletsedwa. Mwana wina agwira cinthu molimba mtima, ndipo akalakwa ayesanso. Wina abisa manja pansi pa desiki nayembekeza kuti wamkuru amcitire zonse, pakuti mau amene wamva kuyambira ali wamng'ono ndi akuti, "Coka apa, ungataye." Nkhani ya lero ikhudza ana awiri amenewa. Citsanzo cace cicokera kutali, ku dziko la Germany, kumene makolo ali ndi mwambo wakuocha mabisiketi a Khirisimasi pamodzi ndi ana ao ang'ono.

MWAMBO WA KU GERMANY

Nyengo ya Adventi iyamba pa Lamulungu lacinai tisanafike tsiku la Khirisimasi, ndiko kuti pakati pa 27 November ndi 3 December. Ku Germany imeneyi ndi nyengo ya cisanu coopsa. Dzuwa lilowa ca m'ma 4 koloko madzulo, ndipo ana sangathe kusewera panja nthawi yaitali. Motero banja lisonkhana m'khichini, mmene muli mofunda, ndipo pa Loweruka kapena pa Lamulungu masana amai aturutsa ufa, batala, shuga ndi mazira, naika pa thebulo.

Mabisiketi amenewa awachula Plätzchen m'cinenero cao, ndipo ali a mitundu yambiri. Alipo a Zimtsterne, ooneka ngati nyenyezi, opangidwa ndi coyera ca dzira, shuga, sinamoni ndi mtedza wa amondi wosinja. Alipo a Vanillekipferl, opindika ngati mwezi ukangooneka kumene. Koma amene ana akonda koposa ndi aja oyalidwa pa thebulo ndi kudulidwa ndi tizitsulo tokhala ndi maonekedwe a nyenyezi, mtima, belu, mngelo kapena mtengo. Tizitsulo timeneti m'mabanja ambiri ndi takale, ndipo mwana adulira ndi kacitsulo komweko kamene anagwira amai ace ali mwana.

Akapsa ndi kuzizira, mabisiketi aikidwa m'zitini zotseka bwino. Ena adyedwa pa masiku a Lamulungu a Adventi poyatsa makandulo, ena asungidwa kufikira Khirisimasi, ndipo ena amangidwa m'timapepala kukapatsa agogo, anansi ndi odwala. Cinthu cofunika kuciona ndi ici: mabisiketi omwewa agulitsidwa m'masitolo pa mtengo wocepa, ooneka bwino kuposa opangidwa ndi mwana wa zaka zinai. Koma mabanja salekabe kuocha ao. Ndiye kuti cimene afuna si bisiketi lokha ai.

KUMENE MWAMBOWU UNACOKERA

Kale zinthu zotsekemera zinali za anthu olemera okha. Shuga wa nzimbe anali kucokera kutali pa mtengo waukuru, ndipo cotsekemeretsa ca anthu ambiri cinali uci. Amonke a m'nyumba za cipembedzo ndiwo anali ndi luso lakuocha makeke a uci osakaniza ndi zonunkhira za ku maiko a kum'mawa, monga sinamoni, jinja ndi tsabola. Makeke otere achedwa Lebkuchen, ndipo mzinda umene unachuka nao ndi Nürnberg. Zifukwa zace ndi ziwiri. Mzindawu unazingidwa ndi nkhalango yaikuru mmene munali oweta njuci ambiri, ndiponso unali pa mphambano ya miseu ya amalonda otenga zonunkhira kucokera ku Venice. Oocha makeke amenewa analipo kale mu mzindawo m'zaka za m'ma 1300, ndipo mu 1643 analoledwa kukhala ndi bungwe laolao.

Kuti nchito imeneyi icoke m'manja mwa amisiri ndi kulowa m'khichini mwa mai wamba, panafunika zinthu ziwiri. Coyamba cinali shuga wochipa. Mu 1747 Andreas Marggraf wa ku Berlin anaonetsa kuti mu mizu ya mbeu yochedwa beet muli shuga wofanana ndi wa nzimbe. Wophunzira wace, Franz Achard, anamanga fakitale yoyamba ya shuga wotere ku Silesia, imene inayamba nchito mu 1802. M'kati mwa zaka zana zotsatira, shuga anatsika mtengo kufikira mabanja osauka anatha kumgula.

Caciwiri cinali cotupitsa cosabvuta. Mu 1893 August Oetker, wogulitsa mankhwala wa ku Bielefeld, anayamba kugulitsa bekingi pauda m'timapaketi tating'ono, kamodzi kokwanira magalamu 500 a ufa. Sindiye anayamba kupanga pauda wotupitsa, koma nzeru yace inali yakuyezeratu muyeso, kuti mai aliyense, wosaphunzira za mankhwala, aoche keke lotupa bwino. Apa aphunzitsi angaonepo kuti mwambo umene uoneka wakalekale unakula cifukwa ca anthu amene anafufuza ndi kuyesa zinthu.

NCHITO YENIYENI

Mtanda umene amai a ku Germany akonda kupatsa ana uli ndi lamulo lapafupi lakuti mwana wa kalasi laciwiri angathe kulisunga pamtima: cimodzi, ziwiri, zitatu. Ndiko kuti gawo limodzi la shuga, magawo awiri a batala, ndi magawo atatu a ufa wa tirigu. Mwa citsanzo, magalamu 100 a shuga, 200 a batala, ndi 300 a ufa. Ambiri aonjezapo dzira limodzi ndi kamcere pang'ono. Zonsezi zikanyidwa msanga ndi manja ozizira kufikira zitagwirana, ndipo mtandawo uikidwa pozizira kwa ora limodzi. Pambuyo pace uyalidwa pa thebulo lowazidwa ufa, ucindikale monga theka la sentimita, nudulidwa ndi tizitsulo tija. Mabisiketi aochedwa m'uvuni wotentha madigiri 180 kwa mphindi 10 kapena 12, kufikira m'mbali mwace mutayamba kufiira.

Mai wanzeru agawa nchito monga mwa msinkhu. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu apatsidwa kacidutswa kace ka mtanda kuti akapsinje ndi kukabulunga monga afuna, ndipo athira m'mbale ufa umene wayezedwa kale. Wa zaka zinai kapena zisanu adula nyenyezi, napaka dzira pamwamba, nawaza shuga. Wa zaka zisanu ndi cimodzi kapena zisanu ndi ziwiri awerenga manambala pa sikelo, aswa dzira, nayang'ana wochi. Uvuni ndi ziwiya zotentha ndi za wamkuru yekha.

Nchito imene mai angatsirize yekha m'ora limodzi itenga masana onse akakhala ndi ana. Ufa umwazika pansi, cigoba ca dzira cigwera m'mbale, mngelo aduka mutu ponyamulidwa. Akuru anati walira mvula walira matope. Kholo limene lifuna kuti mwana aphunzire nchito liyenera kulola kuti pansi pade. Ciyeso cacikuru cifika pamene mwana wadula nyenyezi yopotoka. Dzanja la mai lifuna kuikonza. Koma akaikonza, mwana amva mumtima kuti cimene anapanga sicinali cokwanira, ndipo tsiku lina adzangoima patali. Nyenyezi yopotoka ilowe m'uvuni monga iliri, ndipo ikapsa mwanayo adzaizindikira pakati pa zinzace makumi anai, nadzati, "Iyi ndi yanga."

ZIMENE MWANA APHUNZIRA

Coyamba ndi masamu. Mwana amene awerenga nyenyezi pa citsulo coochera awerenga zinthu zimene azifuna ndi mtima wonse, ndipo salakwa msanga. Akauzidwa kuti agawe mabisiketi 12 kwa anthu anai, apeza yekha kuti aliyense alandira atatu, asanamve konse mau akuti kugawa. Wamkurupo angafunsidwe kuti, ngati alendo ali ambiri ndipo shuga akhala magalamu 200, batala ndi ufa zikhala zingati? Akayankha kuti 400 ndi 600, wagwira mutu wa phunziro limene lisautsa ana ambiri a makalasi apamwamba. Palinso cina. Lamulo la cimodzi, ziwiri, zitatu liri la kulemera, si la makapu ai. Kapu yodzala shuga ilemera kuposa kapu yodzala ufa. Mwana amene wanyamula makapu awiriwo m'manja mwace sadzasokonezanso kukula kwa cinthu ndi kulemera kwace.

Caciwiri ndi kufunsa cifukwa. Nanga mtanda uikidwiranji pozizira? Cifukwa batala asungunuka pa madigiri 32 kufikira 35, ndiko kuti ngakhale dzanja la munthu limsungunula. Akafewa, mtanda umamatira pa thebulo, ndipo nyenyezi ziphwasuka m'uvuni. Nanga aletseranji kukanya nthawi yaitali? Cifukwa mu ufa wa tirigu muli zinthu zimene, zikanyowa ndi kukanyidwa, zilukana ngati ulimbo. Ulimbo umenewu, wochedwa gluten, ufunika pa buledi, koma uumitsa bisiketi. Nanga keke litupa bwanji? Cifukwa bekingi pauda akanyowa ndi kutentha aturutsa mpweya wa carbon dioxide, umene upanga timabowo m'kati. Mwana wa zaka zisanu sangasunge maina amenewa, koma asunga cinthu coposa maina: kuti zinthu sizicitika mwa matsenga, ziri ndi zifukwa zimene munthu angazipeze.

Cacitatu ndi kudikira. Mtanda uyenera kuzizira, bisiketi liyenera kupsa, likapsa liyenera kupola, ndipo likapola ena aikidwa m'citini kufikira tsiku la cikondwerero. Kwa mwana wamng'ono mphindi khumi ndi nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo palibe buku limene liphunzitsa kudekha monga fungo la bisiketi limene silinapole.

Cacinai ndi kupatsa. Mwana wamng'ono alandira zinthu masiku onse, ndipo kawirikawiri alibe cace cimene angapereke. Koma akanyamula kaphukusi ka mabisiketi amene anadula yekha, kukapereka ndi manja awiri kwa agogo, adziwa kwa nthawi yoyamba kukoma kwa kupatsa cimene wacibvutikira.

Zimenezi sizacilendo kwa amene anaphunzira za kaphunzitsidwe ka ana. Friedrich Fröbel, wa ku Germany komweko, amene anamwalira amai ace iye asanakwane caka, anacha sukulu yace ya ana ang'ono Kindergarten mu 1840 ku Bad Blankenburg, kutanthauza munda wa ana. Iye anaphunzitsa kuti mwana akula m'nzeru mwa kucita ndi manja ndi mwa kusewera, ndi kuti mai ndiye mphunzitsi woyamba. Maria Montessori, amene anatsegula nyumba yace yoyamba ya ana ku Roma mu 1907, anapatsa ana nchito zenizeni za m'nyumba, monga kuthira madzi, kusesa, ndi kukonza thebulo la cakudya, ndi ziwiya zolingana ndi manja ao. Onse awiri anaona kuti mwana safuna kungosangalatsidwa. Afuna kuti akuru amkhulupirire pa nchito yeniyeni.

ZOOPSA ZOFUNIKA KUZIDZIWA

Cakudza sicimba ng'oma. Khichini liri ndi zoopsa zace, ndipo mphunzitsi amene alimbikitsa makolo kulowetsa ana m'menemo ayenera kuwacenjezanso.

Moto ndiwo mdani woyamba. Mwana asayandikire uvuni kapena mbaula, ndipo citsulo coturuka pamoto ciikidwe kumene dzanja lace silifika. Mwana akapsa, bala lithiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Lisapakidwe batala, mafuta, dzira, kapena mankhwala otsukira mano, ndipo matuza asaphulidwe. Bala likakhala lalikuru, kapena la kumaso, la m'manja, kapena la kumaliseche, mwanayo apite ku cipatala msanga.

Caciwiri ndi mtanda wosapsa. Ana akonda kunyambita mbale, ndipo akuru ambiri aganiza kuti palibe kanthu. Koma dzira laliwisi lingakhale ndi tizirombo ta Salmonella, ndipo ufa womwe, popeza sunapite pamoto, ungakhale ndi tizirombo totsegula m'mimba. Mu 2016 ku United States anthu oposa 60 anadwala cifukwa ca tizirombo ta E. coli topezeka mu ufa wa tirigu, ndipo ambiri a iwo anali atalawa kapena kugwira mtanda wosapsa. Lamulo likhale lakuti cilawidwa cokhaco cimene capsa, ndipo manja asambidwe ndi sopo poyamba nchito ndi potsiriza.

Cacitatu ndi ca makanda. Mwana wosakwana caka cimodzi asapatsidwe uci, ngakhale wa m'keke, pakuti ungampatse nthenda yoopsa yofooketsa thupi yochedwa botulism. Mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe nsawa zathunthu, cifukwa zingamtsamwe, zisinjidwe poyamba. Nsawa zacuku zitayidwe, pakuti ululu wa cuku uononga ciwindi, ndipo kutentha kwa uvuni sikuutha. Mwana akatupa milomo kapena kubanika atadya nsawa kapena dzira, afunika cipatala nthawi yomweyo.

NYUMBA YOPANDA UVUNI

Wina angati, izi ndi za ku Ulaya; ana a sukulu za kuno ambiri kwao kulibe uvuni, kulibe sikelo, kulibe tizitsulo ta nyenyezi. Nzoona. Koma amai a m'dziko muno adziwa kale kuocha pa mbaula: athira mcenga pansi pa poto wamkuru, naika mbale ya citsulo pamwamba pa mcengawo, nabvundikira, naika makala amoto pa cibvundikiro. Mmene aochera cikondamoyo ndi masikono ndi mmene angaocherenso mabisiketi. Botolo lotsuka bwino liyala mtanda, ndipo kukamwa kwa kapu kudula mabisiketi obulungira. Popanda sikelo, theka la kapu ya shuga, kapu yosadzala kwenikweni ya batala kapena majarini, ndi makapu awiri ndi theka a ufa zifika pafupi ndi muyeso uja. Popeza December wa kuno ndi wotentha, nchito iyambe m'mamawa, ndipo mbale ya mtanda ikhazikidwe m'beseni la madzi ozizira.

Komanso pasakhale mphunzitsi wocititsa manyazi mwana amene kwao kulibe ufa wa tirigu. Cimene ciphunzitsa si tirigu ai. Mwana amene apondereza nthoci zakupsa za cikondamoyo, kapena awerenga zitumbuwa zimene amai ace aturutsa m'mafuta iye ataima patali, aphunzira masamu omwewo ndi kudekha komweko. Ndipo nchito imeneyi si ya atsikana okha. Mnyamata amene aingidwa pa khichini ali wamng'ono adzakhala mwamuna wosatha kudziphikira akadwala mkazi wace, ndipo m'kalasi adzaperewera zimene mlongo wace anaphunzira pa mafuwa.

Cifukwa cace mphunzitsi angathe kucita zinthu zitatu sukulu isanatsekere. Pa msonkhano wa makolo awauze poyera kuti khichini lao ndi kalasi, ndi kuti nchito yocedwa cifukwa ca mwana si nthawi yotayika. Awauzenso macenjezo aja a moto, a mtanda wosapsa, ndi a makanda. Ndipo kwa ana apereke nchito ya chuti yosafuna buku: aliyense athandize kuphika cinthu cimodzi ca Khirisimasi, nasunge pamtima zimene anathiramo, muyeso wace, ndi anthu amene anadya. Potsegulira sukulu mu January, mayankho ao adzakwanira kuphunzitsira masamu, cinenero ndi ukhondo kwa sabata yathunthu, ndipo mphunzitsi adzadziwa nyumba za ana ace koposa mmene anazidziwira.

M'mera mpoyamba. Mwana uja wobisa manja pansi pa desiki sanabadwe wamantha. Anauzidwa kawirikawiri kuti manja ace ndi otaya zinthu. Mai mmodzi akamsendezera mbale ya ufa nati, "Bwera, mwanangu, undithandize," ayamba kucotsa mantha amenewo, ndipo nchito ya mphunzitsi ipepuka. Mabisiketi adzatha tsiku la Khirisimasi lisanade, koma mwanayo adzafika ku sukulu akudziwa kuti anapanga cinthu cimene akuru anadya nayamika.